Mfumu yasaina, koma malire akudutsa pamanda: lipoti ndilembe bwanji?

Mlangizi wa nkhalango:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Bungwe lathu likukulitsa nkhalango yotetezedwa ndipo abwana akufuna lipoti Lachisanu lonena kuti eni nthaka avomereza. Chomwe ndili nacho ndi siginecha ya mfumu imodzi basi. Dzulo ndayenda ndi GPS m'malire atsopanowo: mkati mwalowa manda, chitsime, ndi mitengo yomwe anthu amapachikamo ming'oma ya njuchi. Amayi omwe ndinawapeza pachitsimepo sakudziwa n'komwe kuti kukubwera mpanda. Mtima ukukana kulemba kuti "avomereza".

Wa zamalamulo:
Achimwene, musalembe. Chikalata cha United Nations cha 2007 cha maufulu a eni nthaka chimati chilolezo chiperekedwe mosakakamiza, ntchito isanayambe, anthu atauzidwa zonse. Amayiwo sakudziwa za mpanda, ndiye avomereza chiyani? Abwana akumbutseni za anthu a Ogiek a kunkhalango ya Mau ku Kenya. Boma linkati likuwachotsa pofuna kuteteza nkhalango, koma mu 2017 khothi la Africa loona za maufulu a anthu la ku Arusha ku Tanzania linapeza kuti palibe umboni woti iwo ndi amene ankaiwononga kwenikweni. Mu 2022 linalamula chipukutamisozi komanso kuti apatsidwe umwini wa malowo ngati gulu.

Mlonda wa paki:
Zoona mayi, koma kumapeto kwa 2023 ena mwa a Ogiek omwewo anawagwetseranso nyumba. Chigamulo chinalipo, koma anthu ankagona panja. Ine ndalondera mpanda womwe unamangidwa anthu asanamvane. Usiku amadula waya, m'mawa timalumikiza. Yemwe umamugwira ndi mayi wofuna madzi, ndipo iwe mlonda ndi amene umasanduka mdani. Zimapweteka.

Wojambula mapu:
Bwereraniko ndi pepala lalikulu lopanda mzere uliwonse, ajambule okha. Amayi paokha, odyetsa ziweto paokha, achikulire paokha, chifukwa pamsonkhano wa onse olankhula amakhala anthu atatu omwe aja. Mufunsenso za nyengo: msipu wina amaufuna miyezi iwiri yokha pachaka, mukafika nthawi ina mudzaona ngati thengo lopanda mwini. Chenjezo limodzi, malo opatulika ena safuna aoneke pamapu opita kuofesi. Mapu akhale awo, inu mutengeko zomwe akulolezani.

Mlangizi wa nkhalango:
Nanga opereka ndalama? Iwo maso ali pa mahekitala, akuti 30 peresenti ya malo ikhale yotetezedwa pofika 2030.

Wa zamalamulo:
Pangano la mayiko loteteza zachilengedwe la ku Montreal la 2022, pa mfundo yachitatu pomwe pali 30 peresentiyo, limatchulanso madera a eni nthaka ndi kulemekeza maufulu awo. Choncho muwasonyeze njira ina: dera lija likhalebe m'manja mwa eni ake, malamulo a kadulidwe ka mitengo ndi kusaka apange okha, inu muthandize kulondera. Namibia inapatsa midzi mphamvu pa nyama zakuthengo kudzera m'lamulo la 1996. Koma komiti ya eni dera lanulo isakhale yongoitanidwa kudzamva zomwe zagamulidwa kale. Ikhale ndi mphamvu yokana.

Mlangizi wa nkhalango:
Zikomo nonse. Lachisanu ndilemba kuti zokambirana zangoyamba kumene, chilolezo sichinaperekedwe, ndipo ndipempha miyezi itatu. Achimwene a mapu, pamsonkhano wa amayi ndikhalepo ine, kapena ndipeze mlangizi wamkazi?

Wojambula mapu:
Pezani wamkazi, wolankhula chinenero chawo. Inu mukadikire patali.