Pulogalamu ya Lachisanu yandiimitsa mutu: bwana akuti ndipereke malikisi kwa Trump ndi Haley

Wokonza Pulogalamu (Lolemba, 22 Januwale 2024)

Akuluakulu, ndithandizeni msanga. Ndili ndi mphindi 12 m'pulogalamu ya nkhani zakunja ya Lachisanu, mutu wake zisankho zachipulula za chipani cha Republican ku America. Script ndinaiyamba a ku Iowa asanavote, inali ndi anthu anayi. Vivek Ramaswamy anatuluka mu mpikisano usiku womwewo wa pa 15, Ron DeSantis watuluka dzulo, onse awiri akaima pambuyo pa Trump. Ndatsala ndi Trump ndi Nikki Haley, chisankho cha chigawo cha New Hampshire ndi mawa, theka la ma clip anga lapita padera.

Koma vuto lenileni ndi ili. Bwana mkonzi akufuna aliyense ndimupatse malikisi pa 10 m'magawo atatu: khalidwe, kusasinthasintha mawu, ndi mfundo. Akuti omvera atopa n'kumva za amene akutsogola ngati ndi ligi ya mpira, akufuna adziwe woyenera ndi uti. Mfundo ndingathe kuzifotokoza. Nanga khalidwe la munthu ndiliyeza ndi sikelo yanji? Ndikapatsa Trump 3 mafoni a phone-in atiwotcha, ndikamupatsa 7 ena anena kuti tadya ndalama. Wotukwanidwa adzakhala woulutsa, osati bwana. Kujambula mawu ndi Lachinayi masana. Alipo anachitapo zoterezi?

Madala a pa Desiki

Achimwene, malikisiwo musawayerekeze. Nambala ikangotuluka pa maikolofoni sikhalanso maganizo a wokonza, imasanduka chigamulo cha wailesi yonse. Omvera adzaiwala mphindi 11 zonse n'kungosunga zoti wailesi yakuti yapatsa Trump 3.

Ine zinandionekera kalekale pa zisankho za kwathu konkuno. Mkonzi wathu wa nthawi imeneyo anatiuza kuti tiike nyenyezi pa dzina la aliyense wopikisana nawo pa mpando wa phungu m'boma lina. Tinagwira ntchito usiku wonse, tinali ndi zifukwa pa nyenyezi iliyonse. Kutacha m'mawa, pageti panali anyamata a amene tinam'patsa nyenyezi ziwiri. Palibe anafunsa zifukwa zathu, ankangofuna dzina la amene analemba. Mtolankhani wathu wa m'bomalo anatha mwezi wathunthu osaponda pamsika, chonsecho iye sanalembe nawo n'komwe. A Trump sangakutumizireni anyamata, koma chizolowezi mukachiyamba pa za ku America, bwana yemweyo adzachifunanso misonkhano ikuluikulu ya zipani zathu ikadzafika. Pamenepo mudzakana bwanji?

Mayi Zaumoyo

Ine ndikuona kuti nonse mwayambira kolakwika. Mayi amene akumvera ali pamzere wa ma ARV alibe nazo ntchito zoti Trump ndi waulemu kapena ayi. Funso lake ndi limodzi: mankhwala apitirira kubwera? PEPFAR, ndondomeko ya America yothandiza maiko ena kulimbana ndi HIV, inayamba mu 2003 pansi pa George W. Bush, wa Republican yemweyo, ndipo nthawi ya zigawo zina za lamulo lake inatha pa 30 Seputembala chaka chathachi chifukwa aphungu akukokanakokana pa nkhani yochotsa mimba. Onjezani lamulo la Mexico City lija, lomana thandizo la America mabungwe akunja amene amachotsa mimba kapena kulimbikitsa zimenezo: Trump analibwezeretsa mu Januwale 2017 n'kulikulitsa kuti likhudze pafupifupi thandizo lonse la zaumoyo, Biden analichotsa mu Januwale 2021. Mphindi 12 zonse ziikeni pamenepo, achimwene. Khalidwe lisiyireni a ku America, ndi amene akuvota.

Wa Nkhani Zakunja

Gawo la kusasinthasintha ndi losavuta kulikonza, koma ndi lomwenso lingakugwetseni. Njira yake ndi deti, mawu, deti, chochita, inu osaonjezapo ndemanga. Tengani Haley. Mu 2016 anali kumbali ya Marco Rubio, amene ankapikisana ndi Trump, ndipo ankamudzudzula Trump. Kenaka anavomera kukhala kazembe wake ku United Nations, 2017 mpaka kumapeto kwa 2018. Otsatira Trump atathyola nyumba ya malamulo ya America pa 6 Januwale 2021, Haley ananena kuti Trump anawagwiritsa mwala. Mu Epulo chaka chomwecho anati Trump akaimanso iye saima. Mu Febuluwale 2023 analengeza kuti akuima. Pa mtsutso wa ku Milwaukee pa 23 Ogasiti, atafunsidwa amene angamuthandizebe Trump ngakhale khoti litamupeza wolakwa, iye anakweza nawo dzanja. Opikisana nawo amene sanagwirizane nazo anali Chris Christie ndi Asa Hutchinson. Mukangowerenga zimenezi mondondoza, womvera adziweruzira yekha.

Tsono chenjerani. Mukachita zimenezi kwa Haley yekha adzaoneka bilimankhwe, Trump adzaoneka mwala wosasuntha, ndipo sizoona. Trump mu 1999 ananena pa kanema kuti ali mbali ya ufulu wa mayi wosankha kuchotsa mimba. Ndi yemweyonso anasankha oweruza atatu amene anathandiza kugwetsa chigamulo cha Roe v. Wade, chimene chinkateteza ufulu umenewo, mu 2022. Wakhalapo wa chipani cha Democrat, wakhalapo wa chipani cha Reform. Chimene wakhala nacho kuyambira kale ndi nkhani ya misonkho ya katundu wolowa ndi kudandaula kuti maiko ena amadyera America masuku pamutu. Aliyense mum'patse mzere wake wa madeti, wautali mofanana.

Wokonza Pulogalamu

Zikomo akulu, za madetizo ndazitenga. Koma khalidwe ndiye sindinapezebe pogwira. Milandu ya Trump ndiitchule kapena ayi? Ndikaisiya ndiye kuti ndabisa, ndikaitchula itenga mphindi zonse ndipo Haley alibe yofanana nayo. Bwana adzati palibe balance.

Mkonzi Wopuma

Mwana wanga, balance sikutanthauza kuti ukasowa mlandu wa wina umupekere. Itchule, koma samala mneni aliyense. Milandu yaupandu ndi inayi: New York, Florida, Washington ndi Georgia, zomuneneza zonse pamodzi 91. Mpaka pano, mu Januwale 2024, palibe ndi umodzi womwe umene wapezeka wolakwa, ndipo yonse akuikana. Ndiye pa mpweya ndi "akuimbidwa mlandu", osati "anapalamula". Wa E. Jean Carroll, mayi wolemba nkhani amene anamusumira Trump, ndi wina, si waupandu. Mu Meyi 2023 bwalo linapeza kuti anamuchitira nkhanza zokhudza kugonana ndi kumuipitsira mbiri, ndipo linalamula kuti alipire madola 5 miliyoni. M'Chichewa "kupezeka wolakwa" timagwiritsa ntchito ponseponse, ndiye woulutsa akangothamanga omvera adzamva ngati munthuyo akupita kundende. Lemba kuti ndi mlandu wa chipukuta misozi.

Chinanso, mawu onyoza maiko a mu Africa aja amene akuti Trump ananena mu Januwale 2018. Ndikudziwa kuti udzafuna kuwaikamo chifukwa akutikhudza. Anachokera kwa anthu amene anali pa msonkhano wa m'chipinda, palibe tepi, ndipo iye anakana kuti sananene choncho. Ukawaika, zonse zitatuzi uzinene.

Ndinachotsapo mnyamata pa bulletin kwa sabata ziwiri chifukwa anawerenga mawu a mtsogoleri wina wakunja amene anawatola pa chithunzi cha pa Facebook. Mawuwo mwiniwake sanawanenepo. Tinapepesa katatu pa mpweya. Chilichonse chimene ulibe clip yake kapena chikalata chake, chisalowe.

Mayi Zaumoyo

Mwaona? Mwatha kale ndime zingati pa milandu, ndipo palibe watchula botolo limodzi la mankhwala. Ndi zomwe ndikunena. Milandu 91 siisintha kanthu pa chipatala cha kumudzi. Bajeti ndi imene imasintha.

Wa Nkhani Zakunja

Achemwali, bajeti yomweyo ndi imene ikutsutsa mfundo yanu. Boma la Trump linapempha kuti ndalama za HIV zakunja zidulidwe, aphungu anakana. Trump yemweyo mu Disembala 2018 anasaina lamulo lopitiriza PEPFAR. Ndiye mfundo yake ndi iti, pempho lodula kapena siginecha? Haley nayenso analemba chaka chatha kuti adzadula thandizo kwa maiko odana ndi America. Ali ku United Nations, pa voti ya Jerusalem ya mu Disembala 2017, anachenjeza kuti akulemba maina a maiko ovota motsutsa ganizo la America lozindikira mzindawu ngati likulu la Israel. Mavoti anali 128 kwa 9, ndipo Malawi inali m'gulu la maiko 35 amene sanavotere mbali iliyonse. Kuti mudziwe chimene munthu adzachite ndi ndalama za mankhwala pomwe sanalonjeze kanthu, mumayang'ana mmene amachitira akakwiya, amene amawamvera, ndi ngati amasunga pangano. Limenelo ndi khalidwe lomwe mukulikanalo.

Mayi Zaumoyo

Ayi achimwene, zimene mwatchulazo ndi zochita zolembedwa, zili ndi madeti ndi manambala. Zimenezo ndikuzivomera. Chimene ndikukana ndi kukhala mu studiyo n'kumayeza mtima wa munthu amene sitinamuonepo. Ndipo ndikubwereza, mphindi 12 ndi zochepa. PEPFAR, Mexico City, mwina AGOA, lamulo lolola katundu wina wa mu Africa kulowa ku America popanda msonkho, poti ikutha mu Seputembala 2025. Basi.

Mphunzitsi wa Utolankhani

Pamene mwafika awirinu ndi pomwe pali yankho la mnzathuyu, ngakhale simukugwirizana. Khalidwe limene mtolankhani angalinene ndi lokhalo limene linaonekera pa chochita. Funso loti mufunse pa aliyense ndi lakuti: ndi liti pamene anachita chinthu chomutayitsa anthu ake omwe? Haley ali bwanamkubwa wa South Carolina, mu 2015, anthu akuda 9 ataphedwa m'tchalitchi ku Charleston, anatsogolera zochotsa mbendera ya Confederate, ya zigawo zakumwera zimene zinkateteza ukapolo, pabwalo la nyumba ya malamulo ya chigawocho. Sizinali zokomera onse a chipani chake. Yemweyo mwezi wathawu ku New Hampshire atafunsidwa chimene chinayambitsa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, sanatchule ukapolo, anadzakonza mawa lake. Ziwirizi muziike pamodzi. Kwa Trump, kukana zotsatira za 2020 makhoti ataponya kunja madandaulo ake ambirimbiri, ndi kukana kupita ku mitsutso yonse ya chipani chake ulendo uno. Omutsatira amati kumeneko ndi kulimba mtima, ndipo mawu awo alowenso.

Ophunzira anga ndimawachenjezanso kuti kusintha maganizo pakokha si tchimo. Amene wasintha n'kunena poyera kuti ndasintha pa chifukwa chakuti, ndi wosiyana ndi amene akukana kuti sananenepo. Christie anali mmodzi mwa akuluakulu oyamba kumuthandiza Trump mu Febuluwale 2016, ulendo uno anakhala womudzudzula kwambiri, ndipo ankavomera kuti analakwitsa. Anatuluka pa 10 Januwale osafika n'ku Iowa komwe. Pa malikisi a bwana wanu, ameneyu akanapeza zingati pa kusasinthasintha?

Wa Phone-in

Ine nkhawa yanga ndi mafoni. Mukangoti "khalidwe la mtsogoleri", woimba wachiwiri adzakhala atafika kale pa ndale za kuno, wachitatu pa mitundu ndi zigawo. Zinandichitikira pa pulogalamu ya zisankho za dziko loyandikana nalo, mpaka ndinatseka laini patatsala mphindi 6, ndinadzaza ndi nyimbo. Ngati mulibe makina ochedwetsa mawu asanapite pa mpweya, tengani maganizo a anthu ojambuliratu kapena mauthenga a WhatsApp oti muwasefe.

Mnyamata wa Studiyo

Pepani madala, funso lapambali. "Chipulula" tikuligwiritsa ntchito pa zonse ziwiri? Chifukwa Iowa inali caucus, anthu amasonkhana madzulo m'masukulu ndi m'matchalitchi, kumva zolankhula kenaka n'kulemba dzina pa kapepala. New Hampshire ndi voti wamba ya tsiku lonse, ndipo osakhala m'chipani chilichonse amaloledwa kuvota nawo. Sabata yatha woulutsa wathu anangoti "mapulaimale" ndipo wina anatumiza uthenga kufunsa ngati ndi nkhani ya sukulu.

Madala a pa Desiki

Chipulula ndi chomwecho, anthu analizolowera pa za aphungu ndi makhansala. Koma mufotokoze kuti kumeneko ngakhale woimira chipani pa upulezidenti amadutsa momwemo, chigawo ndi chigawo, kusonkhanitsa nthumwi. Ofunika ndi 1,215 kuti munthu apambane. Kwathu kuno nthumwi zimangokumana pa msonkhano waukulu n'kusankha. Caucus ine ndimati "msonkhano wosankha wa m'dera". Ena amati "bwalo", koma bwalo limamveka ngati khoti.

Mkonzi Wopuma

Bwalo ayi, makamaka pa pulogalamu imene mukutchulamonso milandu. Musokoneza anthu.

Wa Nkhani Zakunja (Lachitatu, 24 Januwale)

New Hampshire yatuluka: Trump pafupifupi 54 pa 100 alionse, Haley 43. Haley wati sakutuluka, akupita kwawo ku South Carolina pa 24 Febuluwale, ndiye script ya anthu awiri ikadali yamoyo. Ku Iowa Trump anapeza 51, DeSantis 21, Haley 19, ngati mukufuna kuyerekeza. Muikemonso chiganizo chimodzi cha a Democrat, wina asadzati munawaiwala: dzina la Biden silinali pa pepala lovotera ku New Hampshire, anthu anachita kulemba okha ndipo wapambana, Dean Phillips wachiwiri. Achimwene a pulogalamu, bwana mwalankhula nawo za malikisi zija?

Mayi Zaumoyo

Kaya 54 kaya 43, palibe mwa awiriwa amene wafunsidwa za PEPFAR pa clip iliyonse imene ndamva sabata ino. Ngati wina ali nayo anditumizire, ndikuifuna pa pulogalamu yanga ya Loweruka.

Mnyamata wa Studiyo

Nanga "delegate" tizingoti nthumwi ngakhale pamene tikuwerenga manambala? Woulutsa wa m'mawa akuti "mavoti a nthumwi", wa madzulo akuti "nthumwi" basi, ndipo bulletin ya 7 koloko yatsala pang'ono.