Denga la buloko, komanso za mayi atisiya aja

Mlembi: Abale tisanayambe za denga la buloko ija ndiloleni ndinene kaye izi. Mayi aja ndinkakutumizirani zolemba zawo, odwala khansa ya khomo la chiberekero, atisiya usiku wathawu. Sindinawaonepo ndi maso, ngakhale mawu awo sindiwadziwa, koma lero ku ntchito ndangokhala phee, anzanga kumandifunsa wamwalira ndani ine kusowa choyankha.

Msungichuma: Pepani a Mlembi, mzimu wawo uuse mumtendere. Koma ndi akwathu?

Mlembi: Ayi si akwathu. Ndawawerenga zaka ziwiri basi, kuyambira pomwe tsitsi linayamba kuthothoka ndi kemo, mankhwala a khansa aja, mpaka pomwe anasiya kulemba za kuchira nkumangolemba za ana awo ndi mofini, mankhwala oletsa ululu. Nde ndimati pa ndalama ya denga ija tipatuleko pang'ono, tipeze galimoto yotenga azimayi akwathu kukayezetsa tsiku limodzi.

Msungichuma: Apo nde ndikana poyera. Anthu anasonkha atauzidwa kuti ndi ya malata, mvula ikubwera, ana azikhala pati? Chisoni ndamva koma ndalama ya gulu siyenda ndi chisoni cha munthu mmodzi, mawa wina awerenga za wodwala impso naye abwera ndi yake.

Achimwene a kunja: Zoona a Msungichuma. Komanso tisanamizane, maliro a kwathu enieni ena mumangowerenga uthenga osasonkha, lero tilire munthu osamudziwa eti?

Anamwino: Ndilankhuleko monga wa ntchitoyi. Khansa imeneyi imayamba ndi kachilombo ka HPV ndipo kawirikawiri pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti ifike poti ndi khansa, nthawi yonseyo munthu akuyenda bwinobwino osamva kuwawa kulikonse. Kuyeza kwake timapaka viniga pa khomo la chiberekero, pamene payamba kusintha pamayera, zotsatira tsiku lomwelo, ndipo ngati mpoyambirira timawotcha pamalopo nkhani yatha. Kwa amayi amene ali ndi HIV chiopsezo chimachuluka kasanu ndi kamodzi. Atsikana a zaka 9 mpaka 14 pali katemera wa HPV. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2020 linaika cholinga choti pofika 2030 azimayi 70 mwa 100 aliwonse akhale atayezedwa, koma ambiri amene ndimawalandira ine amabwera atataya magazi miyezi ndi miyezi akubisa.

Azakhali: Achimwene mwandipweteka mtima. Mayi anu aang'ono aja, mng'ono wanga, munkadziwa chimene chinawatenga? Tonse tinkangoti kudwala kwa azimayi. Ine ndinkawasambitsa, fungo lija ndikulidziwa, koma sanandiuzepo olo tsiku limodzi mmene akumvera, ankangotembenukira kukhoma. Zimene a Mlembi ankatumiza ndinkawerenga usiku ndekha, pena mayiwo analemba za manyazi opempha munthu kuti akuchapire nsalu, ndinalira ngati ndi mng'ono wanga akundiuza patapita zaka zonsezi. Nde musati osamudziwa.

Achimwene a kunja: Pepani azakhali, sindinkadziwa. Ndalankhula mopupuluma.

Msungichuma: Nanenso pepani mayi. Koma pa ndalama ndiimabe pomwepo, ya malata isakhudzidwe. Ngati nkotheka titsegule chopereka china chapadera, ndilemba m'buku lina, ndipo ine ndiyamba.

Mlembi: Chapadera chija chimafa nsanga a Msungichuma, cha mabenchi chinatha bwanji paja?

Anamwino: Mwina galimoto siyofunikanso. Nditha kufunsa akuluakulu anga ngati tingabwere ife ndi zipangizo, inu mupeze chipinda chotsekeka bwino ndi bedi. Chovuta ndi azibambo, ena amakaniza akazi awo.

Apampando: Ndawerenga zonse. Malata tigula monga tinagwirizana. Anamwino funsani mutiuze Lachisanu, achimwene inu ndi ine titenge mbali yolankhula ndi azibambo anzathu. A Mlembi, kubanja la mayiwo kuli njira yotumizira mawu achipepeso m'dzina la gulu?

Mlembi: Ilipo, mchemwali wawo ndi amene walengeza. Koma ndilembe kuti ndife ndani kwa iwo?

Azakhali: Lembani kuti tinkawerenga. Muikeponso dzina langa.