eTrex ikungosaka ma satellite m'mapaini a paphiri

Wa nkhalango, kuphiri: Akuluakulu ndithandizeni. Atipatsa GPS ya m'manja, eTrex 30, yomwe yagona m'kabati chaka chathunthu. Dzulo tinali m'mapaini kumtunda kwa damu la Mulunguzi pa phiri la Zomba, iyo kumangolemba Acquiring Satellites pafupifupi ola lonse. Mabatire ndi atsopano, ndazimitsa n'kuyatsa kasanu, koma ayi ndithu. Yafa kodi?

Soveya, Chinamwali: Sinafe achimwene, mukuizunza ndinu ndi kuzimitsazimitsako. Makinawa akagona nthawi yaitali sadziwanso kuti ma satellite ali mbali iti, ndiye ayenera kumvetsera kaye uthenga wochokera kumwambako, makilomita 20,200. Uthengawo umabwera mwa ulesi, ma bit 50 okha pa sekondi. Almanac, yomwe imanena njira za ma satellite onse, imakwanira pa mphindi 12 ndi theka. Ephemeris, yomwe imanena malo enieni a satellite iliyonse, imabwerezedwa pa masekondi 30, koma nthambi ikangodula signal pakati, mudikire ulendo wina. Tsono inu muli pansi pa mapaini, mukuyenda, kenako n'kuzimitsa. Itolera liti?

Wa nkhalango, kuphiri: Ndiye ndichite bwanji madala?

Soveya, Chinamwali: Musanalowe m'nkhalango imani poyera, muigoneke pa boneti ya galimoto nkhope kumwamba, muisiye mphindi 20 osaikhudza. Pitani mukagule mabulosi kwa anyamata a pamsewu aja, ikugwira ntchito yokha. Timizere ta signal tija tikadzaza pa ma satellite anayi kapena kuposa, lowani ili yoyaka.

Mlangizi, Jali: Zoona zimenezo. Kuno kudambo la Chilwa yanga imagwira ndisanamalize kumanga nsapato, poti thambo lili ponseponse. Ndikabwera nayo ku boma, pafupi ndi phiri, imachedwerapo chifukwa phirilo latseka mbali yakumpoto. Komanso lowani Setup, System, musankhe GPS + GLONASS. Ma satellite a ku Russia aja amathandiza pansi pa mitengo, kungoti amadya batire pang'ono.

Mayi wa mapu, Matawale: WAAS/EGNOS muzimitse. Ndi zokonzera accuracy, WAAS ya ku America, EGNOS ya ku Ulaya, kuno zilibe phindu. Ndipo ngati komaliza inayatsidwa kutali, pa tsamba la Satellite dinani menu, AutoLocate Position, ileke kusaka thambo la kwina. Ife tinalandirapo zina zoguliridwa ku Johannesburg, tsiku loyamba zinkachita chimodzimodzi.

Soveya, Chinamwali: Amayi anena bwino. Ndiwonjezere: ephemeris imatha ntchito pakapita maola anayi kapena choncho. N'chifukwa chake mukazimitsa pa nkhomaliro imagwira msanga, koma mawa lake mmawa imafuna kaminiti poyera. Musaiike m'thumba la buluku mukamayenda, thupi lanu limatsekanso signal. Ipachikeni pa lamba wa chikwama, paphewa.

Wa nkhalango, kuphiri: Ndabwera ndi lipoti. Ndinaiika pa boneti pafupi ndi damu, pa mphindi 9 yagwira, ndaisiyabe mpaka 20. M'mapaini sinatayenso, accuracy imasewera pa mamita 5 mpaka 8. Koma manambala akusiyana ndi mapu athu akale, malire a compartment, chigawo cha nkhalango, akugwera kutsidya kwa mtsinje.

Mayi wa mapu, Matawale: Imeneyo ndi datum achimwene, maziko owerengera manambala a malo pa mapu, makina alibe mlandu. Mapu akale ali pa Arc 1950, eTrex yanu ili pa WGS 84. Sinthani datum ikhale Arc 1950 pa Position Format, UTM mungoisiya, zone ndi 36L. Mundijambulire m'mphepete mwa mapuwo nditsimikize.