Mabakiteriya anga akuwala ngakhale m'madzi mulibe arsenic, ndithandizeni

Akuluakulu, ndagwira njakata ndi kafukufuku wanga wa chaka chomaliza. Ndikupanga mabakiteriya a E. coli oti azizindikira arsenic (poizoni wopezeka m'madzi ena) m'madzi a m'chitsime, potengera zimene ophunzira a ku Edinburgh anachita pa mpikisano wa iGEM (wa ophunzira osintha majini a zamoyo) mu 2006 pofuna kuthandiza anthu a ku Bangladesh. Iwo ankaona kusintha kwa pH (muyeso wa asidi), ine ndikugwiritsa ntchito GFP, puloteni yowala mobiriwira.

Mmene ziyenera kuyendera: puloteni ya ArsR imakhala pa DNA n'kutsekereza promoter, chigawo cha DNA choyambitsa kupangidwa kwa GFP. Arsenite, mtundu wina wa arsenic, akalowa m'selo amagwira ArsR, iyo n'kuchokapo, GFP n'kuyamba kupangidwa, maselo n'kuwala mobiriwira. Koma anga akuwala ngakhale ndawaika m'madzi osungunulidwa opanda chilichonse! Ndikaika mamaikologalamu 10 a arsenic pa lita, omwe ndi malire a WHO, kusiyana kwake n'kochepa kwambiri moti sindingakhulupirire. Izi zikundisowetsa tulo, chifukwa chipangizo chonama pa nkhani ya madzi akumwa n'choopsa kuposa kusakhala nacho.

Ndamva kuti ena amaika malo achiwiri ogwirapo ArsR pakati pa promoter ndi jini ya GFP kuti achepetse kudontha kumeneku (kuwala popanda arsenic). Alipo amene anayesapo? Kapena ndingosintha plasmid (kachidutswa ka DNA konyamula majiniwa) n'kutenga ya makope ochepa m'selo?

Chinanso, arsenate, mtundu winanso wa arsenic, sagwira ArsR mpaka puloteni ya ArsC itamusandutsa arsenite, ndipo phosphate amapikisana naye polowa m'selo. Ndichepetse phosphate m'chakudya cha maselo? Amene munaumitsapo mabakiteriyawa ndi shuga wa trehalose, anakhala nthawi yaitali bwanji osaikidwa m'firiji?