Komiti yathu ya pa M1: amene ali m'malire a msewu tiwalembe bwanji?

Mlembi wa komiti ya anthu okhudzidwa: Anzanga, ndithandizeni. Tili pa tauni ina yaing'ono pakati pa Lilongwe ndi Kasungu, pomwe ntchito yokonza M1 ikudutsa. Anthu akuuzana kuti aliyense amene ali m'malire a msewu sapeza kanthu pa chipukuta misozi, moti ena ayamba kale kusasula malata. Ambiri ndi a magolosale, ena amangochita lendi. Kaundula wathu timukonze bwanji kuti tikakambe zomveka?

Woyeza malo: Akulu, choyamba auzeni asiye kusasula. Nyumba yogwetsedwa isanawerengedwe ilibe umboni. Kenako yezani nokha. Malire a msewu waukulu ndi mamita 60, kutanthauza 30 mbali iliyonse, ndipo tepi imayambira pakati pa msewu, osati pamene pathera phula. Ambiri amalakwitsa pomwepa, n'kuikidwa m'gulu lolakwika. Gawani kaundula patatu: ali kunja kwa malire koma ntchito iwakhudza, ali m'kati, ndi alendi.

Mlangizi wa zamalamulo: Zoti a m'kati sapeza kanthu si zoona zonse. Malo enieniwo salipidwa, popeza ndi a msewu. Koma ntchitoyi ili ndi ngongole ya European Investment Bank, banki ya mayiko a ku Ulaya, ndipo mfundo za bankiyi zimati ngakhale wopanda umwini wa malo alipidwe pa zimene anamanga komanso athandizidwe kusamuka, bola anapezekapo lisanafike tsiku lotsekera kalembera. Tsikuli mulidziwe bwino, chifukwa wobwera pambuyo pake sawerengedwa. Lili m'chikalata cha ndondomeko yosamutsa anthu, chija amati RAP. Chipempheni polemba kalata ku Roads Authority kapena kwa DC, ndipo mutchule lamulo lopezera uthenga la 2017, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020.

Wowerengera mitengo ya katundu: Munthu aliyense akhale ndi tsamba lake. Dzina lilembedwe ndendende monga lili pa chiphaso cha unzika, chifukwa chilembo chimodzi chikasiyana ndalama zimakakamira ku banki. Nyumba muyeze m'litali ndi m'lifupi ndi tepi, mulembe ngati ndi ya njerwa zowotcha kapena zidina, malata kapena udzu, pansi pa simenti kapena pozira. Chimbudzi, bafa, khola, chitsime ndi mpanda, chilichonse pamzere wake. Izi ndizo zimaiwalika. Mitengo musangoti "mitengo 12". Lembani kuti mango obereka 4, osabereka 3, bulugama 5, popeza mtengo wake umasiyana. Mwini wake ajambulidwe ataima kutsogolo kwa chinthu chilichonse.

Akakuuzani ndalama ya chipukuta misozi, funso ndi limodzi: ndalamayi imanga nyumba ngati yomweyi lero, simenti ndi malata zili pa mtengo wa lero? Asachotsepo kanthu ati poti nyumba ndi yakale. Ngati padutsa nthawi yaitali chiwerengereni, pemphani awerengenso.

Mlembi wa komiti ya anthu okhudzidwa: Nanga alendi, mayi? Alibe khoma ngakhale limodzi.

Wowerengera mitengo ya katundu: Awo amataya malonda, ndiye umboni wawo ndi wa malonda: malisiti a lendi, ziphaso za msika, buku la zogulitsa la miyezi ingapo. Alembedwe padera ndi mwini nyumba. Mukawaika tsamba limodzi, ndalama yonse ipita kwa mwini nyumba.

Mlangizi wa chitukuko: Musamalenso za amayi. Kumene mwamuna ali pa chikamwini malo ndi a kuchikazi, koma pa fomu pamalowa dzina la bambo chifukwa ndiye anapezeka pakhomo. Funsani mwini mbumba ndi amfumu, ndipo ngati n'kotheka onse awiri asaine. Munthu asasaine kapena kudinda chala pa fomu yosadzaza, ndipo aijambule pa foni asanaibweze.

Madandaulo apakamwa pa msonkhano amathera pomwepo. Lembani nkhani imodzi pa kalata imodzi, makope awiri, yanu idindidwe ndi tsiku. Yambani ku komiti ya madandaulo ya ntchitoyo, kenako kwa DC. Zikakanika konse, European Investment Bank ija ili ndi ofesi yake yolandira madandaulo, ndipo munthu wamba atha kulembako. Muikemonso za makalavati othira madzi m'minda ndi maenje okumba dothi, kontrakitala asanachotse makina ake.

Mlembi wa komiti ya anthu okhudzidwa: Zamveka, zikomo nonse. Loweruka tiyamba ndi tepi, kalata yopempha RAP ipita Lolemba.