Injini ikutentha ndikakhala mu jam, thandizeni akuluakulu

Akuluakulu, ndithandizeniko maganizo pa Corolla yanga ya injini ya 1NZ. Ndikamathamanga pa Great East Road kupita ku Chongwe geji ya kutentha kwa injini imakhala pakati bwinobwino, koma ndikangolowa mu jam ya pa Cairo Road kapena pa Lumumba mu Lusaka nthawi yoweruka, singano imayamba kukwera pang'onopang'ono mpaka pafupi ndi pofiira, moti ndimachita kupatuka nkuzimitsa motoka, ndipo ndi kutentha kwa October uku zafika poipa.

Madzi mu radiator sakuchepa, pansi sipakudontha kanthu, oilo ali bwino alibe zija zooneka ngati tiyi wamkaka, ku exhaust nakonso sikukutuluka utsi woyera, nchifukwa chake sindikukhulupirira kuti ndi head gasket. Chomwe ndaona nchoti fan ya radiator imazungulira pokhapokha ndikayatsa AC ndipo singano imatsikako pang'ono, koma popanda AC sindinaimvepo ikuyaka olo injini itenthe bwanji. Fuse ya fan ndayang'ana ndi yabwino. Ndiye ndiyambire pati apa, relay yoyatsa fan kapena sensor ya temperature? Pali njira yoyesera relay pakhomo ndisanawononge ndalama kugula yatsopano?

Makanika wina wandiuza kuti tingochotsa thermostat, kachipangizo kotsekula njira ya madzi injini ikatentha, poti kuno ku Zambia kulibe kuzizira kwenikweni, koma ine mtima ukukana, pakuti injini ikamachedwa kutentha m'mawa imadya mafuta ambiri, komanso sindikuona kuti zimenezo zingadzutse fan. Amene zinakuchitikiranipo, munakonza chiyani? Nanga radiator cap ikatopa ingapangitse kuti motoka izitentha mu jam mokha?