Ndingaphunzitse bwanji za circus popanda kukhumudwitsa makolo?

Aphunzitsi anzanga ndi makolo nonse, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndimaphunzitsa Sitandade 4 pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Zomba, ndipo m'kalasi mwanga muli ana 87. Mwezi watha mtsikana wina anabwera ndi buku la zithunzi za circus limene azakhali ake anamugulira ku Lilongwe, momwe munali tenti yaikulu, munthu woyenda pachingwe ndi njovu itaima ndi miyendo iwiri. Mafunso anachuluka kwambiri moti ndinaganiza zoilowetsa nkhaniyi m'phunziro la Expressive Arts.

Poyamba zonse zinayenda bwino. Ndinawafotokozera kuti mawu akuti circus ndi achilatini ndipo amatanthauza chinthu chozungulira, komanso kuti masewerawa monga tikuwadziwira lero anayambitsidwa ndi Philip Astley ku London mu 1768, yemwe ankaonetsa luso lokwera akavalo m'bwalo lozungulira. Bwalo la circus limakhala la mamita pafupifupi 13 kuchokera mbali ina kukafika mbali inzake, choncho tinakhoma chikhomo panja, n'kumangirira chingwe cha mamita 6 ndi theka, ndipo ana anajambula bwalolo okha ndi ndodo. Masamu analowa popanda wina kudandaula. Chingwe chomwecho tinachigoneka pansi kuti aziyendapo atatambasula manja, ndipo titaluka timipira ta majumbo, atsikana anawaposa anyamata kutalitali pa kuponya ndi kuwakha.

Vuto linabuka pamene tinaboola zitini zazikulu n'kumangirira zingwe kuti ana aziyenda atakwera pamwamba pake. Mnyamata woyamba atangoima, kalasi yonse inakuwa kuti, "Makanja! Makanja!" M'mawa mwake bambo wina anafika kwa ahedi kudzadandaula kuti tikuphunzitsa mwana wawo zinthu zosagwirizana ndi chipembedzo cha banja lawo, pomwe agogo ena anatumiza uthenga wakuti tikuseweretsa Gule Wamkulu, umene si chinthu cha masewera. Kunena zoona, mbali zonse ziwiri ndinazimvetsa, ndipo ndinachita manyazi kuti sindinaliganizire zimenezi.

Tsono funso langa ndi ili: kodi ndingosiyiratu phunziroli, kapena pali njira yolipitirizira mwaulemu? Ana akufunitsitsa kudzaonetsa zimene aphunzira pa tsiku lotsekera teremu.

Yankho la mphunzitsi wopuma, Matawale:
Mayi, musasiye. Chotsani zitinizo basi, ndipo musalole chigoba chilichonse kumaso kwa mwana, ngakhale cha katoni, chifukwa kwathu kuno munthu wamtali wobisa nkhope ali ndi tanthauzo lake lakale. Wanthabwala wa m'circus amazindikirika ndi chipewa, jekete lalikulu ndi nsapato zosamukwana, ndipo zimenezi n'zokwanira kuseketsa anthu. Musanayambirenso, pemphani ahedi kuti aitane komiti ya sukulu ndi a PTA adzaone okha ana akuyenda pachingwe chogona pansi.

Yankho la kholo, Chinamwali:
Ine nkhawa yanga ndi ngozi. Ana 87 sangapidiguke onse mphunzitsi mmodzi akuyang'anira, ndipo khosi la mwana silichedwa kuvulala pabwalo louma ngati la mwezi uno. Agaweni m'magulu, ndipo zopidiguka ndi zokwerana pamapewa zilekeni. Za njovu ija muwauzenso zoona, kuti anthu ambiri anadandaula ndi mmene nyama zinkazunzikira, moti kampani ya circus ya Ringling Bros. ya ku America inasiya kuonetsa njovu mu 2016, pomwe kampani ina ya Cirque du Soleil, imene inayamba ku Canada mu 1984, imadalira luso la anthu. Ana a kuno njovu amaidziwa kuti kwawo ndi ku Liwonde.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Zitini ndazichotsa kale, ndipo ahedi avomera kuti a komiti abwere Lachinayi. Chimene chatsala ndi nyimbo, chifukwa wailesi ya sukulu inawonongeka. Kodi kuimba ng'oma pamene ana akulowa m'bwalo sikudzutsanso nkhani yomwe ija, kapena tingogwiritsa ntchito wezulo ndi kuomba m'manja?